Kodi mawu oti "tiyi" ali ndi mwini wake?

Ntchito zikusowa, ndipo ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro timaganiza zoyamba kabizinesi kathu. Masiku ano bizinesi ikangoyamba imafuna dzina, tsamba la pa Facebook, ndipo ikakula pang'ono imafunanso webusaiti. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Milonde, m'boma la Mulanje, wabwerera kwawo ndi digiri yake ndipo akufuna kumagulitsa pa intaneti tiyi wa alimi ang'onoang'ono a kwawoko. Dzina limene lingamubwerere msanga m'mutu ndi losavuta: tiyi.mw kapena mulanjetea.com. Pamenepa pali mafunso awiri amene ambiri timawaphatikiza ngati ndi limodzi. Loyamba ndi lakuti, kodi lamulo limulola kutenga mawu amene aliyense amawatchula tsiku ndi tsiku n'kuwasandutsa dzina la webusaiti yake? Lachiwiri ndi lakuti, akawatenga, kodi angaletse anthu ena kuwagwiritsa ntchito?

Mwachidule, yankho la funso loyamba nthawi zambiri ndi inde, pomwe la funso lachiwiri nthawi zambiri ndi ayi. Koma malire a pakati pa mayankho awiriwa sadagwe kumwamba. Adakhazikika pang'onopang'ono, kudzera m'milandu ndi m'mikangano ya zaka pafupifupi 150, ndipo mbiriyi ili ndi phunziro limodzi kwa ife a ku Mulanje: chinthu chimene chili cha tonse chimatayika mosavuta ngati eni ake sadachilembetse, pomwe wina wafika ndi pepala.

Malo adayamba, mawu adatsatira

Anthu a ku Mulanje nkhani ya pepala amaidziwa kuposa ena onse. Mu 1891 Henry Brown adabzala tiyi m'bomali, mbewu zake atazitenga ku mishoni ya Blantyre. Chaka chomwecho dziko lino lidalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo kuyambira mu 1892 bwanamkubwa Harry Johnston adayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zikalatazi zinkatsimikiza kuti malo amene mzungu ankati adagula kwa mafumu ndi akedi. Malo amene anthu ankalimapo, kutolapo nkhuni ndi kuikapo maliro awo popanda wowafunsa adasanduka a munthu mmodzi, chifukwa iye yekha ndiye adali ndi pepala. Chotsatira chake chidali thangata: munthu kugwira ntchito pa esiteti kuti aloledwe kukhala pamalo, ndipo ambiri mwa ozunzika ndi dongosololi adali Alomwe amene ankachokera ku Mozambique.

Pamodzi ndi malo padabweranso mayina. Lauderdale, Thornwood, Glenorchy, Bloomfield: awa ndi mayina a minda ya tiyi amene mpaka lero timawatchula ngati ndi akwathu. Ngakhale boma lenilenilo atsamunda ankalilemba kuti Mlanje, ndipo Thyolo ankati Cholo, mpaka dziko litalandira ufulu ndi pomwe kalembedweka kadakonzedwa. Nditchula izi chifukwa nkhani ya umwini wa mawu ndi mphwake wa nkhani ya umwini wa malo. Monga pali dambo kapena chitsime cha mudzi wonse chimene munthu mmodzi sangachitchingire mpanda, palinso mawu amene ndi a chinenero chonse. Funso la malamulo a zamalonda lakhala lakuti mpanda uloledwe kufika pati.

Kumene malire adayambira

Dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo lolembetsera zizindikiro za malonda mu 1875, ndipo pa 1 January 1876 chizindikiro choyamba chidalembedwa m'kaundula: kachithunzi kofiira ka ngodya zitatu ka mowa wa Bass. Cholinga cha lamuloli chidali chakuti wogula adziwe amene wapanga katundu, komanso kuti wamalonda wina asagulitse katundu wake ponamizira dzina la mnzake. Kuchokera pa cholinga chimenechi padatuluka mfundo imene ikugwirabe ntchito lero. Mawu amene akungotchula katundu weniweniyo sangakhale chizindikiro cha munthu mmodzi, chifukwa sauza wogula amene wapanga. Paketi yolembedwa kuti "tiyi" ikukuuzani zimene zili m'katimo, koma sikukuuzani kuti wachokera kwa yani.

Amalonda adayesa kuzemba mfundoyi pophatikiza mawu wamba ndi kamawu kena. Mu 1888 khoti lalikulu la ku America lidaweruza mlandu wa makampani awiri opanga zinthu za labala amene ankalimbirana dzina la Goodyear, lomwe pa nthawiyo linkatanthauza mtundu wa labala wopangidwa mwa njira ina yake. Oweruza adati kungowonjezera mawu oti "Company" pa dzina la katundu sikupatsa munthu mphamvu yoletsa ena. Tikati tiziike m'Chichewa, munthu atha kutcha bizinesi yake "Kampani ya Mchere", koma sangakwiye wina akatsegula sitolo n'kulembanso kuti akugulitsa mchere.

Izi sizikutanthauza kuti mawu wamba sangakhale dzina la malonda. Chimene lamulo limayang'ana ndi ubale wa mawuwo ndi katunduyo. Mawu oti "apple" pa Chingelezi ndi dzina la chipatso, ndipo wogulitsa zipatso sangawatenge kukhala ake, koma kampani ya makompyuta idawatenga chifukwa kompyuta si chipatso. Kuno kwathu chitsanzo chili m'manja mwathu momwe. "Mpamba" ndi mawu akale a Chichewa, ndalama zoyambira geni. Kampani ya TNM idatcha choncho njira yake yotumizira ndalama pa foni, ndipo lero munthu akati "nditumizire pa Mpamba" palibe amene amasokonezeka. Komabe mayi wogulitsa mandasi pa msika wa Limbuli akati mpamba wake watha, palibe loya amene angamulembere kalata. Kampani ili ndi dzinalo pa ntchito imodzi yokha, pomwe mawuwo adakali a tonse.

Nthawi zina zinthu zimayenda chobwerera: dzina la kampani limalowa m'chinenero n'kukhala mawu wamba. Ambiri timati "sobo" pa chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi, ngakhale dzinali lidachokera ku Southern Bottlers, ndipo mankhwala aliwonse otsukira mano timangoti "kolugeti". M'maiko ena makampani adataya mayina awo mwa njira imeneyi. Mawu oti "aspirin" ndi "escalator" adayamba ngati zizindikiro za malonda za makampani, koma ku America adagamulidwa kuti asanduka a aliyense. Chinenero chili ngati mtsinje wa Ruo nthawi ya dzinja: chimakokolola zimene chapeza, osafunsa mwini.

Malamulo athu

Malawi idalandira malamulo amenewa kuchokera kwa atsamunda. Lamulo la Trade Marks Act la 1957 lidapangidwa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, potengera la ku Britain la 1938, ndipo lidagwira ntchito zaka zoposa 60. Linkateteza zizindikiro za katundu wogwirika yekha, osati za ntchito monga za banki kapena za mahotela. Mu 1967 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidawonjezera mpanda wa mtundu wina kudzera mu Protected Flag, Emblems and Names Act, lamulo loletsa kugwiritsa ntchito pa malonda mbendera, chizindikiro cha dziko ndi mayina ena okhudza dziko ndi mtsogoleri wake popanda chilolezo cha nduna. Apa boma lidadzisungira lokha mawu ena. Malawi ilinso m'bungwe la ARIPO, limene lidabadwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kudzera mu pangano la ku Banjul, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1997, munthu atha kulembetsa chizindikiro chimodzi m'maiko angapo a mu Africa nthawi imodzi.

Lamulo latsopano, Trademarks Act, lidabwera mu 2018. Limateteza chizindikiro kwa zaka 10 zomwe mwini atha kumawonjezera, ndipo tsopano ntchito nazo zimatetezedwa. Mfundo yakale ija idakalipo: chizindikiro chiyenera kusiyanitsa katundu wa munthu mmodzi ndi wa anzake. Koma lamuloli lidabweretsa zinthu ziwiri zimene ndi zofunika kwambiri kwa alimi. Choyamba ndi chizindikiro cha gulu, chomwe mwini wake ndi bungwe ndipo membala aliyense amachigwiritsa ntchito. Chachiwiri ndi chitetezo cha dzina la dera kumene katundu amachokera, ngati ubwino kapena mbiri ya katunduyo imadalira deralo. Tizikumbukire ziwirizi, tibwereranso kwa izo.

Intaneti idabwera ndi lamulo lake

Mayina a mawebusaiti sadabadwire m'khoti koma m'manja mwa akatswiri a makompyuta. Dzina loyamba lothera ndi .com, symbolics.com, lidalembetsedwa pa 15 March 1985, ndipo dongosolo lake lidali losavuta: wafika msanga watenga. Panalibe wofunsa ngati mawuwo ndi wamba kapena ayi. Kusiyana kwake ndi zizindikiro za malonda ndi kwakukulu. Masitolo khumi atha kulemba mawu oti "tiyi" pakhomo pawo onse n'kumagulitsa, koma pa intaneti tiyi.mw ikhoza kukhala imodzi yokha padziko lonse. Mawu amene lamulo la zamalonda lidakana kuti akhale a munthu mmodzi, makina adawapereka kwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake mayina oterewa adasanduka chuma. Mu 1999 dzina la business.com lidagulitsidwa pa mtengo wa madola 7.5 miliyoni.

Dziko lathu lidapatsidwa chizindikiro chake cha .mw mu 1997, ndipo mu 2002 udindo woyang'anira mayinawa udaperekedwa ku bungwe la Malawi SDNP, lotsogozedwa ndi Dr Paulos Nyirenda. Mu 2016 lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidapatsa MACRA mphamvu pa kayendetsedwe ka mayina a .mw.

Anthu ochenjera atayamba kulembetsa mayina a makampani otchuka kuti adzawagulitse kwa eni ake pa mtengo wokwera, bungwe la ICANN, loyang'anira mayina a pa intaneti, lidakhazikitsa mu 1999 ndondomeko yothetsera mikangano yotchedwa UDRP, yomwe imakhudza mayina monga a .com. Wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu pamodzi: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti amene ali nalo alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti adalilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi mtima wachinyengo. Taonani pamene mawu wamba akupulumukira. Munthu amene ali ndi dzina la tiyi ndipo akugulitsadi tiyi ali ndi chifukwa chomveka, choncho n'kovuta kumulanda. Koma amene walembetsa dzina la kampani ya mnzake n'cholinga chokopa makasitomala ake sangabisale kuseri kwa mawu akuti ndidafika msanga.

Nanga mayina a malo? Mzinda wa Barcelona ku Spain udayesa. Anthu wamba adalembetsa barcelona.com mu 1996. Khonsolo ya mzindawo idadandaula, ndipo mu 2000 woweruza wa bungwe la WIPO adagamula kuti dzinalo liperekedwe kwa khonsolo. Koma mu 2003 khoti la apilo ku America lidasintha chigamulocho, ponena kuti pa malamulo a kumeneko dzina la malo palokha si chizindikiro cha malonda cha wina aliyense. Ngati mzinda wolemera chonchi udalephera, tisaganize kuti khonsolo ya Mulanje ingalande mosavuta dzina la bomali kwa munthu amene walilembetsa kale ku .com.

Mlandu waposachedwa umene udagwedeza malire akalewa ndi wa Booking.com, kampani ya ku Amsterdam yothandiza anthu kusungitsa malo ogona. Ofesi ya boma la America idakana kulembetsa dzinali ponena kuti "booking" ndi mawu wamba ndipo .com ili ngati "Company" ya mu 1888 ija. Pa 30 June 2020 khoti lalikulu la dzikolo, oweruza 8 motsutsana ndi mmodzi, lidakomera kampaniyo. Ruth Bader Ginsburg, amene adalemba chigamulocho, adafotokoza kuti chofunika ndi mmene ogula amamvera dzinalo: ngati akalimva amaganiza za kampani imodzi, ndiye kuti si mawu wamba. Stephen Breyer adatsutsa yekha, poopa kuti makampani olemera ayamba kuopseza ang'onoang'ono amene akugwiritsa ntchito mawu ofanana. Chigamulochi ndi cha ku America ndipo sichimanga makhoti athu, komanso sichidapatse kampaniyo mawu oti "booking" paokha. Komabe nkhawa ya Breyer ndi yoona. Kuonetsa kuti ogula amakudziwa kumafuna ndalama zotsatsira malonda ndi zolipira maloya, ndipo ndalama zimenezo mlimi wa ku Milonde alibe.

Zimene anzathu adakumana nazo

Maiko ena olima zakumwa adaphunzira movutikira. Rooibos ndi chitsamba chomera m'mapiri a Cederberg ku South Africa, ndipo dzinali ndi mawu wamba a Chiafrikaans otanthauza chitsamba chofiira. Mu 1994 dzinali lidalembetsedwa ku America ngati chizindikiro cha malonda, ndipo pambuyo pake lidafika m'manja mwa kampani ya Burke International, imene idayamba kuletsa ena kugulitsa chakumwachi ndi dzina lake lenileni. Padatenga milandu mpaka 2005 kuti kampaniyo ilisiye. Alimi a ku South Africa sadagone: adagwirizana, adalemba malamulo a kalimidwe, ndipo mu 2021 bungwe la European Union lidavomereza kuti dzina la rooibos ndi la chakumwa chochokera m'dera limenelo basi.

Ethiopia nayo idalimbana ndi kampani ya Starbucks pa mayina a khofi wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, mpaka mbali ziwirizi zidagwirizana mu 2007. Ku India, tiyi wa Darjeeling ndiye adali katundu woyamba kulembetsedwa pansi pa lamulo loteteza mayina a madera mu 2004, chifukwa tiyi wambiri wogulitsidwa ndi dzinalo padziko sankachokera kumeneko. M'nkhani zonsezi amene adapambana si munthu mmodzi wochenjera. Ndi gulu la alimi kapena boma limene lidati dzinali ndi lathu tonse, ndipo tililembetsa kuti likhale la tonse.

Nanga ife?

Tiyi wa ku Mulanje walimidwa zaka zoposa 130. Ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation of Central Africa, ndipo ku Limbe kuli msika wa okushoni. Komabe tiyi wathu wambiri amapita kunja m'matumba akuluakulu n'kukasakanizidwa ndi wa maiko ena, kotero womwa ku London sadziwa n'komwe kuti m'kapu yake muli thukuta la ku Mulanje. Dzina lathu silidabedwe, koma silidagwirenso ntchito. Tsopano zinthu zikusintha. Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Dzina likatchuka limakhala ndi mtengo, ndipo chinthu chikakhala ndi mtengo ofuna kuchitenga sachedwa.

Ena anganene kuti ndiye wachinyamata wa kwathu athamange akalembetse mayina onse okhudza Mulanje, Sapitwa ndi tiyi, alendo asadafike. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Amene watchinga chitsime cha mudzi ndi wolakwa ngakhale atakhala mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo chikalata cha Johnston sichikanakoma chifukwa choti wachilandira ndi wakuda. Komanso tisaiwale kuti mayina amayenda. Mpunga umene timaunyadira wa ku Karonga umatchedwa Kilombero, dzina la mtsinje ndi chigwa cha ku Tanzania. Mvula yowaza ya chiperoni idatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo tsidya la Muloza kuli tauni ya Milange, dzina lofanana ndi lathuli. Tikafuna kuti lamulo lizipereka mawu kwa aliyense amene wayamba kukuwa, tsiku lina lidzatiluma ife tomwe.

Njira yabwino ili m'zinthu ziwiri zija za m'lamulo la 2018. Alimi ang'onoang'ono ali kale ndi mabungwe, monga Sukambizi Association Trust, imene mamembala ake amagulitsa masamba awo ku Lujeri. Mabungwe oterewa, pamodzi ndi maesiteti ndi Tea Association of Malawi, atha kugwirizana kuti tiyi wa Mulanje ndi uti, malire a dera lake ndi ati, ndipo ubwino wake uziyezedwa bwanji, kenako n'kulembetsa dzinalo ngati la dera. Dzina la webusaiti lofanana nalo likhale m'manja mwa gululo. Ntchitoyi si yapafupi, chifukwa mlimi wa theka la ekala ndi esiteti yaikulu safuna zofanana, ndipo ngati alimi sadzakhala nawo pokambirana, dzina la tonse lidzasanduka la akuluakulu okha. Apa ndi pamene ife ophunzira zamalamulo, zaulimi, zamalonda ndi zamakompyuta tingathandize makolo athu, powerenga malamulowa ndi kuwafotokoza m'Chichewa ndi m'Chilomwe pa misonkhano ya makalabu. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa mtsikana wa ku Milonde uja, langizo ndi lomveka. Ngati tiyi.mw palibe amene watenga, atha kulitenga ndi kugulitsirapo tiyi, koma adziwe kuti wapeza adiresi chabe, mawuwo sadakhale ake. Dzina limene angaliteteze kukhoti ndi limene wapeka yekha, losiyana ndi la wina aliyense, ndipo alilembetse ngati chizindikiro cha malonda asadasindikize mapaketi. Kulembetsa dzina la bizinesi, kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi kugula dzina la webusaiti ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo kukhala ndi chimodzi sikukupatsa zinazo. Asatenge dzina lofanana ndi la kampani ina yogulitsa katundu yemweyo. Ngati alemba kuti tiyi wake ndi wa Mulanje, akhaledi wa Mulanje.

Makolo athu adataya malo mu 1892 chifukwa mapepala ankalembedwa m'chinenero chimene sankachidziwa, m'maofesi amene sankaloledwa kulowamo. Ife chinenerocho tikuchidziwa, ndipo maofesiwo ndi athu. Dzina la Mulanje likadzapezeka m'manja mwa munthu mmodzi, wakunja kapena wakwathu, sitidzakhala ndi wina womuloza chala.